Kanjira ka ku Uvuni

Nyumba ya Albertina inali ndi masitepe a miyala kunja, monga zilili nyumba zonse zakale za m'mudzi wa Outeiro: pansi ng'ombe ndi migolo ya vinyo, pamwamba anthu. Zaka zonse za ukwati wake anakwera ndi kutsika masitepewo atanyamula madzi, nkhuni ndi ana, osawaganizira n'komwe. Anayamba kuwaona tsiku limene amuna ake, a Custódio, anagwa m'munda nthawi yokolola mphesa n'kufa ziwalo mbali ya kumanja. Kuchipatala anachira mpaka kumatha kukhala pa njinga ya olumala, koma njinga sikwera masitepe. Choncho anatsala m'tauni, kunyumba yosungirako okalamba, ndipo Albertina ankakwera basi kukawaona Lachiwiri ndi Lachisanu, atakulunga buledi wa chimanga m'kansalu, chifukwa a Custódio ankati buledi wa kumeneko ndi thonje.

Albertina sanali munthu wopempha zambiri, kwa anthu ngakhale kwa Mulungu. Koma nyengo yozizira yonse pemphero lake linali limodzi: amuna ake abwerere, adzagone m'nyumba imene anabadwiramo.

Anaitana Adelino, mmisiri womanga nyumba, kuti adzaone chochita. Adelino anazungulira nyumbayo akusisita chibwano. Kumaso kunali msewu, kumbuyo thanthwe. Chipinda chapansi chinali chachinyezi moti ngakhale mbatatesi zinkawola. Potsiriza anaima pa kanjira kopapatiza kamene kankakwera phiri mokhudza khoma la nyumbayo. Anthu ankakatcha ka ku Uvuni, chifukwa kale amayi ankadzera momwemo popita kukaphika buledi mu uvuni wa mudzi wonse. Uvuniwo unagwa kalekale, msewu wa tara unabwera n'kuzungulira phirilo, ndipo kanjirako kanatsalira minga ndi abuluzi.

“Dona Albertina, ndi pano pokha,” anatero Adelino. “Tithire konkire kuyambira kumsewu, tizikweza pang'onopang'ono mpaka pawindo la khitchini ilo. Windolo tiligumule likhale khomo. Ti Custódio adzalowa pa njinga ngati bishopu. Koma tikatero kanjira katsekeka, ndipo si kanu. N'ka boma.”

Nkhani inapita kwa Horácio, wapampando wa junta, bungwe loyang'anira za m'mudzimo. Horácio ndiye ankayendetsanso minibasi ya ana a sukulu, ndipo Albertina anamudziwa akadali wamamina. Iye analembera khonsolo ya m'tauni, khonsolo n'kuyankha kuti njira imene anthu anasiya kuyendamo itha kuchotsedwa pa njira za boma n'kuperekedwa kwa mwini nyumba yoyandikana nayo. Koma anati chidziwitso chimatidwe kaye pa chitseko cha tchalitchi kwa mwezi wathunthu, kuti wokana akane.

Wokana anapezeka. Anali a Deolinda, nkhalamba imene inkakhala pamwamba penipeni pa kanjirako, mayi wa ubatizo wa mwana wa Albertina amene ali ku France; chifukwa cha ubale umenewo awiriwa ankaitanana kuti comadre, ndipo a Custódio anali compadre. Sanachite mobisa. Atachoka ku ofesi ya junta analunjika kwa Albertina, ndodo m'dzanja ili, kabasiketi ka mazira m'dzanja linalo.

“Comadre, awa ndi a compadre, mukawapatse Lachisanu. Ndipo ndabwera kuti mumve kwa ine, osati kwa olongolola a pakasupe. Ndakana.”

“Khalani pansi kaye, comadre.”

“Ndikakhala sindidzukanso. Ndinene choimirira.”

Albertina anadziwa kale chimene ati anene. Chaka chilichonse, pa Lamulungu la Pasaka, mtanda wa m'tchalitchi umavekedwa maluwa n'kumayenda khomo ndi khomo, kabelu patsogolo. Eni nyumba amayala maluwa ndi masamba onunkhira kuchokera pakhomo pawo, ndipo onyamula mtanda sasankha okha polowera, amatsata maluwa. Khomo lenileni la a Deolinda linkayang'ana m'kanjira ka ku Uvuni. Ndiye kamodzi pachaka kanjirako kankaona mapazi a anthu: mtanda ukachoka kwa Albertina unkakwera momwemo. Mbali ya kumsewu wa tara kunali geti lachitsulo limene mwana wawo anaika kuti azilowetsa galimoto akabwera ku tchuthi.

“Geti lija ndi la galimoto,” anatero a Deolinda. “Ambuye alowe polowera galimoto? Malemu amuna anga, Serafim, anaunyamula mtanda m'kanjira ako ali mnyamata, ine ndikusuzumira pawindo la amayi. Tsiku lawo litakwana anatsikira momwemo, pamapewa a anzawo, compadre ali patsogolo. Inenso ndimati ndidzatsikire momwemo.” Anatsamira ndodo yawo. “Ndikudziwa kuti ndikukulakwirani. Ndapemphera kuti mtima uvomere, koma ukukana. Ndiname?”

“Musaname,” anatero Albertina.

Analandira mazira aja n'kuwaika m'mbale limodzilimodzi. Mawu anali atadzaza pakhosi, ena a iwo oipa, ndipo anawameza onse. Anaperekeza nkhalambayo mpaka pansi pa masitepe atawagwira pachigongono. Lamulungu lotsatira anawapititsira msuzi wa masamba monga mwa masiku onse, ngakhale kuti ulendo umenewo sanakhale pansi.

Lolemba la Sabata Yoyera Horácio anaimika minibasi yake pakhomo, n'kukwera masitepe awiriawiri.

“Dona Albertina, mvetserani bwino. Khonsolo ikutuma injiniya Lachiwiri, Pasaka ikangotha, kudzaona ngati kanjira ako n'kakufa kapena kamoyo. Ine sindinganame, ndipo sindingang'ambe dandaulo la Tia Deolinda. Koma tayang'anani pawindopo.”

Albertina anayang'ana. Minga inali itakwera mpaka kufika m'chiuno mwa munthu, yolukanalukana kuchokera khoma ili kufika khoma linalo.

“Ankadula minga imeneyo ndani chaka chilichonse?”

“Bambo akuno. Loweruka Loyera.”

“Eya. Chaka chino palibe. Ndiye chikwakwa chawo chigone pomwe chili. Onyamula mtanda akapeza minga adzazungulira kumsewu okha, popanda wowauza. Injiniya adzajambula tchire, adzamva kuti ngakhale mtanda sunadutsemo, ndipo dandaulo la munthu mmodzi silidzalimba. Palibe bodza pamenepo. Inu mungokhala manja lende.”

“Nanga comadre?”

“Adzalira, kenako adzaleka. Ti Custódio akhale kumene kuja mpaka liti? Lonjezani.”

Albertina sanalonjeze, koma sanakanenso, ndipo Horácio anatsika masitepe akuimba mluzu.

Lachisanu Loyera Albertina anapeza a Custódio atawaika pawindo, bulangeti pamiyendo, akuyang'ana malo oimikapo magalimoto. Anawameta ndevu, n'kuwanyemera buledi. Chiyambire matendawo mawu awo ankatuluka amodziamodzi, ngati munthu akusenza miyala.

“Minga... ndani adula?”

Albertina anawafotokozera zonse: za injiniya, za nzeru za Horácio. A Custódio anamvetsera akutafuna pang'onopang'ono mbali imodzi ya kamwa.

“Horácio,” anatero, “ngochenjera. Ngati agogo ake. Aja ankagulitsa... bulu mmodzi kawiri.”

Albertina anaseka, koma iwo sanaseke. Dzanja lawo lamoyo linkasisita lakufalo.

“Tina.”

“Ndikumva.”

“Ukamabwera... udzanditengere chijasi changa. Chaubweya chija.”

“Chijasi? Kunja kwayamba kale kutentha, mitengo ili maluwa okhaokha.”

“Udzanditengere basi.”

Anamvetsa ali m'basi, pobwerera. Chijasicho chinali cha m'nyengo yozizira. Amuna ake anali kumuuza kuti atha kupirira chisanu china kumalo kuja, koma sangafune kubwerera kwawo chifukwa choti mtanda unapeza minga panjira. Sanamulamule. Anangomuchotsera katundu mmodzi pamutu n'kumusiyira winayo. Albertina anatulutsa kolona m'thumba, n'kungoigwira.

Loweruka kunacha kuli zii, mabelu a tchalitchi ali chete monga amakhalira tsiku limenelo. Albertina anayesa kugwira ntchito zake. Anasesa, anamenya mazira a keke ya Pasaka, anayala nsalu yoyera patebulo. Koma popita kukataya madzi pawindo la khitchini anakweza maso, n'kuona pamwamba pa kanjira a Deolinda atawerama pakhomo pawo, ali ndi kasizasi kodulira mphesa. Ankadula nthambi imodzi ya minga, n'kuikoka, n'kupumira pakhoma. Kenako ina. Pa liwiro limenelo akadafika pansi pa Khirisimasi.

Albertina anaima pawindopo, beseni lili m'manja.

“Ambuye, inu mukudziwa,” anatero chapansipansi. Pemphero lonse linali lomwelo.

Anatsikira m'chipinda chapansi, n'kutenga chikwakwa cha a Custódio pa msomali. Chogwirira chake chinali chosalala, chitadyeka potengera dzanja la mwini wake. Anavala magolovesi awo, aakulu kuposa manja ake, n'kuyambira pansi.

Minga ya m'makoma imabwezera. Ukaitema apa imakukola kumbuyo, ukaikoka imakukwapula kumaso. Posakhalitsa mikono yake inali mizeremizere ya magazi, mpango utakodwa kangapo. Anali atafika pansi pa windo lomwe lija linayenera kusanduka khomo pamene anamva minibasi ikuima mwadzidzidzi kumsewu.

“Dona Albertina! Mayo ine! Mukutani?”

“Ukuona ngati ndikutani? Ndikusoka?”

“Tinagwirizana!”

“Unayankhula ndiwe. Ine ndinangomva.”

Horácio anagwira mutu ndi manja onse awiri. “Makalata onse aja! Maulendo onse aja a ku khonsolo, kudikira pabenchi ngati wodwala mano! Injiniya adzapeza msewu wosesedwa kuposa wa mumzinda wa Braga. Mukudziwa chimene mukutaya?”

“Ndikudziwa kuposa iwe, mwanawe.”

Anatero osatembenuka. Horácio anayang'ana mikono ya mayiyo, n'kuyang'ana kumtunda kumene nkhalamba ija inali itaima ndi kasizasi kake. Anapumira m'mwamba.

“Anthu a mudzi uno mudzandipha nthawi yanga ya pampando isanathe. Amene anandivotera anandida.” Anavula jekete n'kulipachika pakhoma. “Chifoloko chili kuti? Ngati tikuwononga mlandu wathu, tiuwononge mwaukhondo.”

Anagwira ntchito awiri, wina kudula, wina kukoka n'kukaunjika kumsewu. Horácio ankatukwana minga ndi mayina amene sayenera kumveka Loweruka Loyera, n'kumapepesa kumwamba nthawi iliyonse. Pansi pa tchirelo miyala yakale inayamba kuoneka, yosalala, yodyeka pakati ndi mapazi a anthu amene anapita kale. Dzuwa litapendeka anatulukira pakhomo la a Deolinda.

Nkhalambayo inali itakonza beseni la madzi ofunda ndi kansalu.

“Khalani apa, comadre. Iwe Horácio, mwana wa Amélia, vinyo ali patebulo, kadzithirire wekha, suli mlendo.”

Anatsuka mikono ya Albertina mosafulumira. Atapeza munga wothyokera pafupi ndi chigongono anachotsa singano pa bulauzi n'kuyamba kuutokosa, nkhope ili pafupi chifukwa cha maso.

“Ndinamva za nzeru za uyo,” anatero osakweza mutu. “M'mudzi muno chinsinsi chimafika kwa ine chisanafike kwa mwini wake.”

Horácio anatsamwa ndi vinyo m'khitchinimo.

“Mukadangokhala, mukadawina. Ndiye mwadulirenji?”

“Mawa ndi Pasaka, comadre.”

A Deolinda anapitiriza kutokosa. Munga unatuluka. Nkhalambayo inauyang'ana pansonga ya singano, n'kuupukutira pa epuloni. Sanathokoze. Albertina anatsika kanjira koyera kaja yekha, ndipo atafika m'nyumba anachotsa chijasi chaubweya m'bokosi, n'kuchipachika kuseri kwa chitseko kuti chipitidwe mphepo. Pamenepo ndi pamene analira, pang'ono, nkhope ataibisa m'chijasimo.

M'mawa mabelu anamasuka, makombola akuphulika m'mapiri monse. Ku Misa Albertina anaona kuti malo a a Deolinda, pafupi ndi chipilala, anali opanda munthu. Anaganiza kuti mwina miyendo yawavuta, ndipo anawapempherera, ngakhale kuti pempherolo linatuluka movutikira. Atabwerera anayala masamba onunkhira ndi maluwa achikasu pa masitepe ake mpaka kumsewu. Mbali ya kumtunda, kumene kanjira kankayambira, sanafune kuyang'anako.

Kabelu kanamveka kakuyandikira, nyumba ndi nyumba. Chaka chimenecho wonyamula mtanda anali Adelino yemwe uja, mmisiri, atavala mwinjiro wofiira pamwamba pa suti imene inkamuthina m'mapewa. Anakwera masitepe ndi anzake.

“Khristu wauka, aleluya! Mtendere m'nyumba muno.”

“Aleluya, aleluya.”

Albertina anagwada n'kupsompsona mapazi a Ambuye pamtandapo. Adelino anapukuta ndi kansalu, ndipo asanatembenuke anaimika mtandawo kamphindi kutsogolo kwa mpando wa a Custódio, wopanda munthu, monga ngati mwini wake alipo.  Iye ndi anzake analawa keke, ananyowetsa milomo ndi vinyo, n'kutsika. Albertina anawatsatira mpaka pansi pa masitepe, kuti aone ndi maso ake mtanda ukulowa m'kanjira.

Woimba belu anali atapondamo kale pamene Adelino anamuitana.

“Bwerera, iwe. Maso ulibe?”

M'kanjira munalibe duwa ngakhale limodzi. Munali mbee, miyala yokhayokha mpaka pamwamba. Maluwa anayambira pakamwa pa kanjirapo, ofiira ndi oyera, a kameliya, koma m'malo mokwera anakhotera kumsewu wa tara. Anali mzere wowonda, duwa apa, masamba apo, monga mwa munthu woopa kuti maluwa amuthera panjira. Mzerewo unatsata m'mphepete mwa msewu mpaka kukabisika pokhota.

Amuna aja anayang'anana. Adelino anakonza mtanda pachifuwa.

“Ife timatsata maluwa,” anatero. “Imba belu.”

Albertina anapezeka akuyenda pambuyo pawo, epuloni ili m'chiuno, chitseko atachisiya pululu. Msewuwo ndi wautali, umazungulira munda wa mpesa ndi nyumba ziwiri zotsekedwa za anthu amene anapita kunja. Chakumtunda maluwa anayamba kuchepa, kenako anangotsala masamba a kameliya, kenako timaluwa ta m'tchire tothyoledwa m'mphepete momwemo. Koma mzere sunaduke. Unakalowa pa geti lachitsulo lija, limene linali lotsegula mbali zonse ziwiri, dzimbiri lili mbuu pansi pomwe analikokera.

A Deolinda anaima pabwalo atavala diresi lawo lakuda ndi ndolo zagolide, nsapato zili fumbi lokhalokha. Mtengo wa kameliya pambali pawo unali utatsala nthambi za pamwamba zokha, kumene dzanja silinafike.

“Mwachedwa,” anatero kwa Adelino. “Ndimayesa Ambuye asochera pa tara.”

Mtanda unalowera pa khomo lakumbuyo, kudutsa pamene pamakhala nkhuni. Nkhalambayo inaupsompsona nthawi yaitali. Amuna aja atapita, kabelu kakumka kutali, anatsala awiri m'khitchini.

“Comadre,” anatero Albertina, “ndiye minga ija ndinadulira yani?”

“Munadulira ine. M'mawa, inu muli ku Misa, ndatsika nako kanjira kaja. Ndekha, ndi ndodo yanga ndi dengu langa. Papita zaka ndisanapondemo. Ndaona mwala umene Serafim ankakhalapo podikira kuti amayi atuluke. Ndatsanzikana nako bwinobwino, mwala ndi mwala. Kenako ndakwerera kumsewu, ndikumwaza.”

“Msewu wonse uja, ndi miyendo imeneyo?”

“Musandikumbutse, mawa sindidzuka.” Anadzigwetsa pampando. “Mvetserani. Mukadasiya minga ija mukadandilanda, ndipo ine ndikadafa ndikukana, mukundidziwa. Koma inu mwakatenga n'kundiikira m'manja. Chinthu chikakhala m'manja, munthu atha kumupatsa mnzake.”

“Nanga zija munkati mudzatsikire momwemo?”

“Serafim adzandizindikira ngakhale nditabwera pa galimoto. Dulani keke iyo, musangoima ngati mwabwera kudzalira maliro.”

Lachiwiri injiniya anabwera, mtsikana wa nsapato zazikulu ndi kamera pakhosi. Anaima pakamwa pa kanjira, n'kuyang'ana pepala lake, n'kuyang'ananso miyala yosesedwayo.

“Senhor Horácio, njira yosayendamo anthu ndi imeneyi? Kwathu ngakhale pabalaza sipayera chonchi.”

Horácio anayamba kufotokoza. Anayambira pa uvuni, nalowa za mtanda, nabwerera kwa a Custódio, nasokonezeka, thukuta lili kamukamu. Koma sanabise kanthu, ngakhale za nzeru zake zija, ngakhale zoti iye mwini anagwira chifoloko. Ali mkati, mawu anamveka kuchokera pamwamba, pamene a Deolinda anali atawatulutsira mpando.

“Mwana wanga, usamumvere uyo, adzakuchedwetsa mpaka madzulo. Lemba kuti womaliza kuyendamo ndine, Deolinda, ndipo ndamaliza. Dandaulo lija bwera nalo kuno ndilifafanize ndekha.”

Injiniyayo anakwera kanjirako kukakhala nawo, ndipo anachedwako ndithu. Pobwerera anaima pansi pa windo la khitchini n'kufunsa Albertina kukula kwa khomo limene mmisiri ananena. Atamva anapukusa mutu.

“Muwauze awonjezere chikhato chimodzi. Agogo anga anali pa njinga. Zigongono zimakhula.”

Msonkhano wa junta unavomereza, manja onse m'mwamba. Ku khonsolo mapepala anayenda monga amayendera, mwa kamba, ndipo Horácio anakhalanso pabenchi lija kangapo. Chilimwe chonse Albertina ankapitabe Lachiwiri ndi Lachisanu. Chilolezo chinafika mphesa zikuyamba kuda, ndipo Adelino anathira konkire tsiku lotsatira lomwe.

A Custódio anabwera pa minibasi ya ana a sukulu, mipando iwiri itachotsedwa. A Deolinda anali akudikira kumsewu ndi kabasiketi kawo.

“Maluwa anga... ali kuti, comadre?” anafunsa a Custódio atawatsitsa. “Ndamva mumayalira... anthu otchuka.”

“Maluwa ndi a Ambuye, compadre. Inu mazira akukwanani.”

Horácio ndi Adelino anafuna kukankha njinga, koma Albertina anawakaniza. Anagwira yekha, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono pa konkire yatsopanoyo, pamwamba pa miyala yakale ija, milomo ikuyenda popanda mawu. Pakhomo zigongono sizinakhule.

M'khitchini a Custódio anayang'ana chilichonse payekhapayekha: mbaula, tebulo, mpando wawo. Kenako maso awo anaima kuseri kwa chitseko chakale, chopita ku masitepe, pamene chijasi chaubweya chinali chikadali pa msomali.

“Tina. Chijasi chija... sunabweretse.”

“Ndinkaiwala.”

“Miyezi yonseyi?”

“Ndakalamba, bambo.”

“Wabodza iwe,” anatero a Custódio, mbali yamoyo ya nkhope yawo ikuseka.

Albertina anachotsa chijasicho pa msomali, nachikung'untha, n'kukachibwezera m'bokosi.